Kayendedwe ka Mau: Kuchokera pa Msika wa Feira Kufika pa Nyimbo za Rap

Inu amene muli kuwerenga nkhani ino, ndikupemphani kanthu kamodzi tisanapite patali. Tchulani mokweza liu ili: kalata. Litchuleninso pang'onopang'ono, ndipo muombe m'manja kamodzi pa chigawo chake chilichonse. Mwaomba katatu: ka-la-ta. Zigawo zimenezi aphunzitsi a chinenero amazitcha maphatikizo. Tsono liuli makolo athu anachita kulandira kwa alendo. Linachokera ku Chipwitikizi, kumene amati carta, ndipo kumeneko maphatikizo ake ndi awiri okha. Makolo atalimva, lilime lawo linakana kulumpha kuchoka pa r kukatera pa t popanda mwala wopondapo, choncho anaikapo a pakati. Nkhani yathu ili pa ka a kameneko, pakuti kumbuyo kwake kuli mbiri ya zaka mazana atatu, ndiponso katithandiza kuyankha funso limene akuluakulu ambiri afunsa masiku ano: kodi anyamata awa oimba rap m'Chinyanja ali kukometsa chinenero chathu, kapena ali kuchithyola msana?

Tiyeni tiyambire ku dziko la Mfumu Yaikulu Mburuma, m'boma la Luangwa. Munthu wochokera ku Lusaka amatsata msewu wa Great East, napatukira kudzanja lamanja asanaoloke mlatho wa Luangwa, natsika ndi mtsinjewo kufikira pamene uthira m'Zambezi. Ataima pamenepo aona maiko atatu: tsidya la Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya la Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Kumeneku kumakhala Ansenga a Mfumu Mburuma ndi Achikunda a Mfumu Mphuka, ndipo Chinyanja, chimene ku Malawi achitcha Chichewa, chimamveka ponseponse. Dzina lakale la malowa ndi Feira, ndipo m'Chipwitikizi litanthauza msika.

Msika unalipodi. Cha m'ma 1720 amalonda ochokera ku Tete, ena a iwo obadwira ku Goa m'dziko la India, anakhazikika pa Zumbo, nayamba kusinthanitsa nsalu ndi mikanda ndi golide, minyanga ndi mkuwa, ndipo pambuyo pake anagulanso anthu. Ubale wawo ndi eni dziko unali wa lero mtendere, mawa nkhondo. Mu 1804 ankhondo a Mburuma anapasula Zumbo, ndipo pofika m'ma 1830 amalondawo anali atasiya misika yonse iwiri. Pamene David Livingstone anadzera m'dziko la Mburuma mu January 1856, pa ulendo wake wotsikira ku Quelimane, anapeza mabwinja a tchalitchi cha miyala ndi belu losweka lili gone pansi. Koma katundu wina wa amalondawo sanaonongeke ndi nkhondo kapena chiswe, ndiye mau amene anatsala m'kamwa mwa anthu a m'mbali mwa Zambezi, kuyambira ku Sena ndi ku Tete mpaka kuno kumtunda. Sapato inasanduka nsapato, batata mbatata, vinho vinyo, capitão kapitawo, cachaça kachasu, marinheiro malinyero. Onani kuti palibe liu limene linaloledwa kulowa m'mudzi lisanavale chovala cha eni mudzi.

Chovalacho nchotani? M'Chinyanja, m'Chinsenga ndi m'Chikunda momwe, phatikizo limathera pa limodzi la malembo a liu asanu aja, a, e, i, o, u, ndipo lembo lililonse lotere timalitchula lathunthu. Chosiyanako ndi m uja woima payekha m'mau monga m-to-ndo, amene ali chotsalira cha mu wakale. Angerezi atabwera, lamulo lomwelo linawagwira. School, liu la phatikizo limodzi, linakhala su-ku-lu. Bread linakhala bu-le-di. Christmas, la maphatikizo awiri, linatambasuka kukhala Khi-ri-si-ma-si, maphatikizo asanu.

Mngerezi amayenda mwa njira ina. Iye amasankha phatikizo limodzi m'liu naligogomeza, ndipo otsalawo amawafinya, ena kuwameza kumene. Mvereni potchula Lusaka: sa amamveka bwino, koma lu ndi ka amangodutsa ngati mthunzi. Mpwitikizi wa ku Lisbon amameza koposa pamenepo. Kusiyana kumeneku akatswiri a zinenero anayamba kukupatsa maina m'zaka za nkhondo yachiwiri. Mu 1940 Arthur Lloyd James, mphunzitsi wa katchulidwe amene ankalangiza aulutsi a BBC, anafanizira zinenero zina, monga Chifalansa, ndi kulira kwa mfuti ya chiwaya, ta-ta-ta-ta, pamene Chingerezi anachifanizira ndi zizindikiro za Morse zotumizira mau pa lamya, zimene zimasakaniza zazitali ndi zazifupi. Mu 1945 Kenneth Pike wa ku America anati pali zinenero zoyeza nthawi ndi maphatikizo, ndi zina zoyeza nthawi ndi malo ogogomeza. Mu 1967 David Abercrombie wa ku Edinburgh anapitirira, nati chinenero chilichonse pa dziko lapansi chiyenera kukhala m'khola limodzi mwa awiriwa. Chifalansa, Chitelugu ndi Chiyoruba anaziika m'khola la maphatikizo, Chingerezi, Chirasha ndi Chiarabu m'khola la kugogomeza.

Chiphunzitso chimenechi chinali chokoma kumva, koma makina oyezera mau sanachivomereze. Mu 1982 Peter Roach anayeza zinenero zisanu ndi chimodzi zomwezo, napeza kuti maphatikizo a m'khola loyamba salingana kutalika, ndiponso mipata ya pakati pa malo ogogomeza m'khola lachiwiri siilingana. Komabe khutu silinali kunama. Mu 1998 Thierry Nazzi ndi anzake ku Paris anaonetsa kuti makanda a masiku ochepa chabe amasiyanitsa Chingerezi ndi Chijapani pomva kayendedwe kokha, koma Chingerezi ndi Chidatchi, zimene zimayenda mofanana, sanathe kuzisiyanitsa. Chaka chotsatira Franck Ramus, Marina Nespor ndi Jacques Mehler anawerengera nthawi imene munthu amathera pa malembo a liu polankhula: m'Chingerezi inali pafupifupi magawo 40 pa 100, m'Chijapani inapitirira theka. Ndiye kuti chimene khutu limamva chimachokera m'kamangidwe ka maphatikizo. Chinenero chounjika malembo opanda liu ndi kumeza ena chimamveka ngati munthu wolumpha mifuleni; chinenero cha maphatikizo otseguka chimamveka ngati munthu woyenda mapazi olingana. Makolo aja amene anaika a m'kalata anali kusunga mayendedwe awo.

Koma musafulumire kunena kuti Chinyanja ndi mfuti ya chiwaya. Amene atero sanatchere khutu. Nenani nokha: anapha ng'ona ndi mkondo. Kodi simunakoke pang'ono phatikizo lotsatizana ndi lomaliza, mkoondo? Lekezani pa ng'ona, mumva ng'oona. Lekezani pa anapha, mumva anaapha. Kukoka kumeneku sitikulemba, koma ndiko kumauza womvera kuti chigawo cha ganizo chafika pothera. Jonathan Kanerva, m'buku lake la 1990 lofufuza malankhulidwe a ku Nkhotakota, anaonetsa kuti wolankhula akhoza kudula chiganizo pamalo ena ndi kukoka pomwepo pofuna kuloza liu limene lili yankho la funso. Akafunsidwa kuti anapha chiyani, ati anapha ng'oona, ndi mkoondo. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti si onse amene amadula motero, koma kukoka kwa kumapeto kwa chiganizo kumamveka kwa aliyense.

Pamwamba pa izi pali kukweza ndi kutsitsa liu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa nsomba pa msika timaulemba chimodzimodzi, koma pa woyamba liu limakwera pa te, pa wachiwiri limangoyenda pansi. Ndimathandiza, kunena za chizolowezi, ndi ndimathandiza, kunena zimene ndinali kuchita, amasiyana pa kukwera kwa liu basi. Mark Hanna Watkins, munthu wakuda wa ku America amene anasindikiza galamala ya Chichewa mu 1937, anaika zizindikiro za kukwera kumeneku pa mau ake. Amene ankamutchulira mauwo anali Kamuzu Banda, pamene anali pa sukulu ku Chicago. Choncho munthu wofuna kuika Chinyanja pa ng'oma ali ndi ngongole zitatu: phatikizo lililonse lipatsidwe malo ake, lotsatizana ndi lomaliza lipatsidwe ulemu wake, ndipo kukwera ndi kutsika kwa liu kusafafanizike.

Oimba akale a m'mbali mwa mitsinje ankabweza ngongolezi osaziwerenga. Achikunda, amene poyamba anali akapolo ankhondo a eni minda ikuluikulu ya Apwitikizi, anatchuka pa uzimba wa njovu ndi pa kupalasa ngalawa zonyamula katundu pakati pa Zumbo ndi Tete. Amuna khumi sangamize nkhafi nthawi imodzi popanda chowagwirizanitsa, ndipo chowagwirizanitsacho chinali nyimbo: mmodzi atsogola, onse avomera, nkhafi zigwa m'madzi. Amai pa mtondo nchimodzimodzi. Munsi ndiwo umasunga nthawi, ndipo mau amakhala pakati pa kugunda ndi kugunda, odandaula za mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, opekedwa pomwepo, ena oimbidwa, ena ongonenedwa mwa nthetemya. Munthu amene anamvapo zimenezi sangadabwe kwambiri ndi rap.

Vuto linayamba pamene nyimbo inabwera yopekedwa kale, mau nkumachita kulowetsedwamo. Boma latsopano la Portugal litathamangitsa ansembe a Chijezuiti mu 1910, a pa misyoni ya Miruro, pafupi ndi Zumbo, anaoloka Luangwa nakhazikika ku Kapoche ndi ku Katondwe. Mipingo ina inali kufalikira kwina m'dziko muno, ndipo pafupifupi yonse inatenga maimbidwe a ku Ulaya nkuikamo mau athu. Tsono mzere wa nyimbo ya Chingerezi kawirikawiri umathera pa phatikizo logogomezedwa, lokokedwa nthawi yaitali, pamene mzere wa Chinyanja umakoka lotsatizana ndi lomaliza nkutera mopepuka. Zotsatira zake mwazimva nonse: mpingo wathunthu kuimba Mulunguuu, pamene polankhula aliyense amati Muluungu. Kukwera ndi kutsika kwa liu nakonso kunatsata maimbidwe a alendo. Arthur Morris Jones, mmishonale amene anaphunzitsa ku Mapanza kuyambira 1929 mpaka 1950, nalemba Studies in African Music mu 1959, anadandaula kwambiri za kusagwirizana kumeneku. Mpingo wa Katolika unatsegula khomo la ng'oma ndi maimbidwe a kumudzi pambuyo pa msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965. Ndinene pano kuti nyimbo zakalezo anthu amazikonda, ndipo ambiri a ife tinaikira nazo makolo athu m'manda. Koma akulu amene adzudzula anyamata a rap kuti apotoza mau akumbukire kuti kupotoza kunayambira pa guwa.

Wailesi inathandiza kubwezera mau m'malo mwake. Nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka inayamba mu 1941, ndipo kawailesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special katafika mu 1949, mau a m'zinenero zathu analowa m'midzi. Alick Nkhata ndi anzake anaika nyimbo za kumudzi pa gitala, ndipo m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi zikhale za m'dziko muno.

M'zaka zomwezo, kutali ku Bronx mu mzinda wa New York, kunali kubadwa chinthu china. Pa 11 August 1973 mnyamata wobadwira ku Jamaica, Clive Campbell, wodziwika ndi dzina loti DJ Kool Herc, anaimbitsa malekodi pa phwando la pa 1520 Sedgwick Avenue, ndipo tsikulo ambiri amaliyesa chiyambi cha hip hop. Luso lake linali kutenga malekodi awiri ofanana ndi kubwereza kachigawo kamene ng'oma zimalira zokha, ndipo pa kachigawo kameneko anthu anayamba kulankhulapo mau ogwirizana. Mu 1979 nyimbo ya Rapper's Delight inafikitsa kalankhulidwe kameneka ku maiko onse, ndipo mu 1987 Rakim anaonetsa kuti mau ogwirizana akhoza kubisidwa pakati pa mzere, osati kumapeto kokha.

Kamangidwe ka rap nkosavuta kukamvetsa. Mzere umodzi nthawi zambiri umayenda ndi kugunda kunayi, ndipo ng'oma yaing'ono yolira mouma imagwa pa kugunda kwachiwiri ndi kwachinayi. Kugunda kulikonse kumagawika panayi, kotero kuti mzere uli ndi timipata 16. Woimba m'Chingerezi amaika maphatikizo ake ogogomeza pa kugunda, ndipo ofookawo amawakankhira m'timipata totsala, atatu kapena asanu, monga momwe angakwanire, pakuti chinenero chake chimalola kufinya. Woimba m'Chinyanja alibe ufulu umenewo. Phatikizo lililonse limafuna kampata kakekake.

Tiyeni tiyese ndi mzere uwu umene ndapeka: mwana wanga ndi msodzi, amagona pa Zambezi. Werengani: mwa-na-wa-nga, ndi-m-so-dzi, a-ma-go-na, pa-Za-mbe-zi. Maphatikizo 16, timipata 16. Gundani pa tebulo kanayi molingana, ndipo muyambe mwa pa kugunda koyamba. Kugunda kugwa pa mwa, pa ndi, pa a ndi pa pa, ndipo mumva ngati mwana wa Giredi 1 ali kuwerenga pa bolodi. Tsopano yambani msanga, maphatikizo awiri dzanja lisanagwe. Kugunda kugwa pa wa, pa so, pa go ndi pa mbe, ndipo mzere uja wadzuka, wayamba kuvina. Simunasinthe liu ndi limodzi lomwe. Mwangolola kuti ng'oma ikumane ndi phatikizo limene chinenero chimalilemekeza kale. Mukamva woimba amene mau ake amalowa m'khutu mosavuta, tcherani khutu pa malo amene amayambira mzere ndi pamene amautsiriza.

Kugwirizana kwa mau kumapeto kwa mizere nakonso kuli ndi msampha wake. Popeza malembo a liu ndi asanu okha, ndipo aneni athu ochuluka amathera pa a, kugwirizanitsa phatikizo lomaliza lokha ndi ntchito imene mwana aliyense angaichite: kudya, kupita, kugona. Khutu silikhuta nazo. Mgwirizano womveka umayambira pa phatikizo lokokedwa lija: mtima, nsima, kulima, nyanja, banja, manja. Ndiponso chinenero chathu chili ndi chuma china chimene Chingerezi chilibe, ndicho kugwirizana kwa kumayambiriro kwa mau, monga ponena kuti chinthu chachikulu chija chagwa. Alakatuli ndi ophera miyambi akhala akudya chuma chimenechi kuyambira kale, ndipo woimba rap wanzeru amatapamo.

Ku Lusaka kuimba kotere m'Chinyanja kunakula kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene kampani ya Mondo Music inatulutsa oimba monga Daddy Zemus, amene ankatsata maimbidwe a ku Jamaica, ndi gulu la Black Muntu. M'zaka za m'ma 2000 Slapdee anatchuka ndi rap ya m'Chinyanja cha m'tauni, pambuyo pake ku Migodi Macky 2 ndi Chef 187 anachita chimodzimodzi m'Chibemba, ndipo ku Malawi Tay Grin anatengera rap ku ng'oma za gule wamkulu. Chinyanja cha ku Lusaka ambiri amachinyoza, koma pa nkhani ya kayendedwe chili ndi zida zake. Chimati mutima pamene buku liti mtima, chimati nifuna pamene buku liti ndifuna, ndipo woimba amasankha chimene chigwa bwino pa ng'oma. Chinyanja cha m'buku nachonso chili ndi njira zofupikitsira zimene sizipha tanthauzo: mwana uyu timati mwanayu, nyumba iyi nyumbayi, ndi ine ndine. Ife timafupikitsa polumikiza malembo a liu awiri oyandikana, ndipo phatikizo lotsalalo limamveka lathunthu.

Nanga tsono yankho la funso lija nlotani? Ine ndiona kuti rap, mwa iyo yokha, ili pafupi ndi malankhulidwe athu kuposa nyimbo zomasuliridwa za m'tchalitchi. Popeza mau ake amanenedwa koposa kuimbidwa, palibe maimbidwe okakamiza liu kukwera pamene liyenera kutsika, ndipo mtengo wa m'nkhalango ukhoza kukhalabe wosiyana ndi mtengo wa pa msika. Cholakwa chili mwa oimba ena amene amatenga kamwa la Mmereka nkulankhulira Chinyanja: amameza malembo a liu, amagogomeza phatikizo lomaliza kuti ligwe pa ng'oma, ndipo agogo akafunsa kuti mwanayu ali kunena chiyani, iwo amayesa kuti agogowo ndi otsalira. Koma khutu la agogo lili bwino. Mau ndiwo athyoka. Aphunzitsi nawonso ali ndi mbali yawo. Mwana wa ku Katondwe akamalankhula Chingerezi motchula phatikizo lililonse, asamuyese wopusa, pakuti ali kuyenda ndi mapazi a chinenero cha amake. Amuuze poyera kuti Chingerezi chimagogomeza pena nkufinya pena, ndipo kuomba m'manja pa mzere wa rap ya Chingerezi kukhoza kumuphunzitsa zimenezi msanga kuposa kulemba malamulo pa bolodi.

Pali chinanso chochititsa chidwi chimene chinachitika ku America komweko. Gulu la Migos la ku Atlanta litatulutsa nyimbo ya Versace mu 2013, oimba ambiri anatengera kaimbidwe kogawa kugunda kulikonse patatu, maphatikizo atatu olingana otsatizana mofulumira, kamene magulu ena a ku Memphis anali atakayamba kale m'ma 1990. Chingerezi chiyenera kudzikakamiza kuti chilowe m'chikombole chimenechi, ndipo nchifukwa chake oimbawo amasankha mau aafupi nkumawabwereza. Mau athu a maphatikizo atatu, monga ma-sa-u, m-so-dzi, Za-mbe-zi ndi ka-la-ta yemwe, amangolowamo okha. Jones uja anali atalemba kale kuti ng'oma ndi kuomba m'manja kwa anthu a kuno kawirikawiri kumayenda pa timipata 12, timene tikhoza kugawika patatupatatu kapena panayipanayi nthawi imodzi. Ngati muli kumudzi nyengo yokonola chimanga, imani pafupi ndi mtondo muwerenge. Amai awiri akamasinja, minsi imagwa mosinthana, iwiri iwiri. Wachitatu akabwera ndi munsi wake, kugunda kumasanduka kwa patatu, ndipo wotsogolera nyimbo amasuntha mau ake kuti akwanire m'timipata tatsopanoto, osaleka kusinja.